Kawotchi Kolira Mpunga Usanapse

Dzina lake lenileni linali pachiphaso chimene chinakolekedwa pamwamba pa galasi, koma dzuwa ndi fumbi zinali zitalifufuta kalekale, ndipo panalibe amene ankalisowa. Msewu wonse unkamudziwa kuti Ndikubwera. Anali wometa, wamfupi, wa miyendo yosadziwa mpando. M'shopu mwake mipando inalimo, wa ometedwa, benchi la odikira, ngakhale kampando ka ana, koma mwini wakeyo palibe anamuonapo atakhala. Tiyi ankamwa choimirira. Nkhani ankaiyamba ndi munthu uyu n'kukaimalizira kwa uyo. Ukamuitana yankho linali limodzi lomwelo, ndipo ankalinena akulowera kwina.

Amene anamupatsa dzinalo anali mkazi wake. Shopuyo inali chipinda chakumaso cha nyumba yawo. Kuseri kwa galasi kunali kanjira kopapatiza, kenako khitchini, ndipo kukhitchiniko, pafupi ndi zenera, ndi kumene mayiyo ankasokera zovala zaka zonse za ukwati wawo. Mawu anali nawo, oboola khoma. Ankaitana kuti chakudya chikuzizira, n'kumva kuti ndikubwera. Ankaitana kuti bambo, tadzaonani mwana wayamba kuyenda, n'kumva kuti ndikubwera. Mwanayo anayenda, anathamanga, anakula, anakwatiwa kutali, bambo ake akubwerabe. Mayiyo sankasunga mangawa. Ankauza anzake kuti anakwatiwa ndi kamvulumvulu, ndipo ubwino wa kamvulumvulu ndi wakuti amasesako pabwalo.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina makina osokera anasiya kulira pakati pa msoko. Ndikubwera anamva kuti kuli zii, anaganiza kuti ulusi waduka, anamaliza kaye ndevu za munthu. Atalowa anapeza mkazi wake atapendekera pamakina, nsalu itagwera pansi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yakumanja itafa, mkono ndi mwendo womwe, lilime litalemera. Mawu aja anatsala kamkokomo kapansipansi, kosafika ngakhale pakhomo la khitchini. Zimene zinatsala zamoyo ngati kale ndi maso ndi dzanja lamanzere.

Tisamunamizire munthu, Ndikubwera ankamukonda mkazi wake. Ankamusambitsa, kumuveka, kumupesa tsitsi bwino kuposa wina aliyense, n'kumunyamula kukamukhazika pampando wake wakale pazenera, pambali pa makina amene tsopano anali ovundikiridwa ndi nsalu. Sanadandaulepo. Kungoti zonsezi ankazichita monga ankachitira china chilichonse, chothamanga, maso ali pa chinthu chotsatira. Akamumangirira mabatani a bulauzi, mtima unali kale pa madzi a tiyi. Akamupatsa tiyiyo, makutu anali kukhomo la shopu.

Chimene chinamukanika ndi mapoto. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mashini ometera ndi mbaula yamagetsi ndi mapanga otalikirana. Ankatereka mpunga, n'kupita kukameta, ndipo woyamba kumva fungo ankakhala wometedwayo. Mazira ankaphulikira m'poto madzi ataphwa. Nyemba zinkasanduka makala pansi, pamwamba zikadali zolimba. Anayesa kutchera foni, koma foni yake inkalira tsiku lonse ndi anthu ofunsa ngati pabenchi pali mzere, moti khutu lake linali litaphunzira kale kuinyalanyaza.

Mkazi wake anali ndi mkulu wake, mayi wamasiye wa nyumba yaikulu kutsidya kwa tauni, kumene kunali chipinda chopanda munthu ndiponso ana aakazi otha kusinthana pa wodwala. Mlamuyo ankabwera mosalonjeza. Sanali munthu woipa, koma anali wa mtundu uja umene umalowa m'nyumba n'kuyamba wavundukula mapoto usanapereke moni. Tsiku lina anapala poto wopserera kwa nthawi yaitali, kenako anaika supuni pansi.

"Alamu, sindikukunyozani. Mwayesetsa. Koma ndikadzapezanso mng'ono wanga akudya makala, ndidzamutenga."

Ndikubwera anayankha kuti zimenezo sizidzachitika, ndipo anayankha akutuluka. Koma mawuwo anamutsatira kushopu. Nyumba yopanda mkazi wakeyo sankatha kuiganizira mpaka kumapeto. Akangoyamba, miyendo inkamunyamula kukasesa tsitsi losesedwa kale.

Mawa lake anapita kusitolo ya ziwiya. Wogulitsa anamuikira patebulo timawotchi tiwiri ta kukhitchini. Kena kanali koyera, kozungulira, kokwana m'chikhatho. Umakapotokola kufika pa mphindi zimene ukufuna, n'kumabwerera kokha pang'onopang'ono, ndipo kakafika pachiyambi kamalira belu kamodzi n'kukhala chete. Sikafuna batire, sikafuna sukulu. Kenako kanali ka manambala ndi timabatani, kokhala ndi maginito kumbuyo. Ako sikanama ngakhale pang'ono, anatero wogulitsayo, ndipo nthawi ikakwana sikasiya kulira mpaka mwini wake abwere adzakatonthoze. Wogulitsayo anali asanamalize kuonetsa batani lachiwiri pamene Ndikubwera ananyamula kopotokola kaja. Zodinadina zinkafuna munthu woima pamodzi.

Vuto linali pokaika. M'thumba kankapotokoka kokha iye akawerama. Pashelefu ya m'shopu anthu a pabenchi anakasandutsa choseweretsa, kumatchera kuti aone ngati angamalize mutu wa mnzawo kasanalire. Pafupi ndi mbaula belu lake silinkafika kushopu mashini akamalira. Malo okhawo abwino anali katebulo ka pambali pa mpando wa mkazi wake, moyang'anizana ndi kanjira kaja. Pamenepo belu linkadutsa bwinobwino mpaka pagalasi.

Masiku oyamba zinayenda. Mpunga unkapsa ngati wophikidwa ndi munthu. Ndikubwera anayamba kuyenda modzikweza, n'kumalangiza amuna anzake za kaphikidwe ka mbatatesi ngati kuti anabadwira kukhitchini.

Kenako kawotchiko kanayamba misala. Kankalira iye atangometa mbali imodzi ya mutu. Ankathamanga, kuvundukula poto, n'kupeza mpunga ukusambira m'madzi osawira n'komwe. Ankakapotokolanso, kuuza mkazi wake kuti ndikubwera, n'kubwerera. Asanagwire bwino mashini, ngrrr, kaliranso. Masiku ena ankapita kukhitchini maulendo osawerengeka poto mmodzi yemweyo asanapse. Anakagwedeza, anakapemerera, anakathira kadontho ka mafuta a mashini ometera. A pabenchi, amene sasowa nzeru pa zinthu za eni, anagawanika. Ena ankati ndi nthunzi, ena ankati sipuling'i yatopa, wina anati zinthu za masiku ano amazipanga kuti zife msanga. Anakabweza kusitolo. Patebulo la wogulitsa kanayenda mwaulemu ngati mwana pamaso pa alendo, kanalira pa nthawi yake yeniyeni. Wogulitsayo anamubwezera, n'kumufunsa ngati kunyumbako kuli ana osewera nako. Ndikubwera anati mwana wake ndi wamkulu, ali kubanja.

Chodabwitsa n'chakuti m'masiku a misalawo mkazi wake ankadya bwino. Ankamaliza mbale, nthawi zina n'kuloza poto. Tsiku lina atathamangira belu labodza, thukuta lili kamukamu, chipeso chili kukhutu, anaona mbali yamoyo ya pakamwa pa mkazi wake itakwera m'mwamba. Anamufunsa ngati akumuseka, iye ndi kawotchi kake kopengako. Yankho sanalidikire, chifukwa kushopu kunali munthu wa sopo kumaso.

Munthu ukamunamiza kawirikawiri amasiya kukhulupirira ngakhale zoona. Masana ena shopu inali yodzaza, wailesi ikulira, anthu akukangana za mpira. Belu linalira, Ndikubwera anati likunama. Linaliranso, anati lipitirize. Linalira kachitatu, motsatizana, ndipo iye anakweza mashini kuti asalimve. Amene anaona utsi ukutuluka m'kanjira anali wa pabenchi. Kukhitchini kunali kwakuda. Nyemba zinali zitagwira moto pansi pa poto, chigwiriro chikusungunuka, ndipo mkazi wake anali pampando pomwe anamusiya, akutsokomola mopanda mphamvu, misozi ikuyenderera, osatha kudzuka kapena kukuwa. Anamunyamula kupita naye panja. Manja ake anamva mmene mtima wa mayiyo unkagundira, ndipo anachita mantha amene anali asanawamvepo.

Mlandu wonse anauika pa kawotchi. Anakatola pansi pamene kanagwera, anakaponya m'dirowa ya makina osokera n'kutseka mwamphamvu. Tsiku lomwelo anakagula ka manambala kaja, anaima pamodzi mpaka ataphunzira mabatani ake onse, n'kukamata pamwamba pa chitseko cha firiji, pomwe nthunzi sifika. Makoma anawatsuka mlamu wake asanamve.

Kawotchi katsopanoko kanali monga ananenera wogulitsa. Sikankanama. Kakalira, ndiye kuti mpunga wapsa, ndipo kulira kwake kunali kosongoka ngati singano, kopyola mashini, wailesi ndi mkangano wa mpira pamodzi. Ndikubwera tsopano ankalowa kukhitchini pa nthawi yake, kuphula poto, kupakula, kuika mbale ndi supuni ku dzanja lamanzere la mkazi wake, n'kutuluka. Palibe phazi limodzi linkatayika pachabe. Mapoto anayera. A pabenchi anasowa choseka.

Koma mbale zinayamba kubwerera zodzaza. Mayiyo ankadya masupuni ochepa n'kutembenukira kuzenera. Ndikubwera anaganiza kuti mpunga wamukwana, anaphika mbatatesi zofewa. Anaphika nsomba yochotsa minga, mazira, msuzi wa nkhuku, zonse zopsa mwa muyezo, ndipo zonse zinkazizirira patebulo. Anapita naye kuchipatala, anati mankhwala ndi omwewo, thupi silinasinthe, mwina ndi maganizo. Maganizo a chiyani, anadzifunsa panjira, pamene chilichonse m'nyumba chikuyenda bwino kuposa kale? Pomusambitsa anayamba kuona mafupa a m'mapewa. Akamunyamula ankapepuka, ndipo kupepukako kunkamulemera iye. Ankayendayenda m'shopu ngakhale mulibe munthu, kunola malezala akuthwa kale, kupukuta galasi loyera.

Mlamu atabwera anavundukula mapoto monga mwa chizolowezi, analawa, anagwedeza mutu movomereza. Kenako anagwira dzanja la mng'ono wake, n'kuzunguliza zala ziwiri pamkono, zala zikukumana mosavuta.

"Chakudya chanu chilibe mlandu tsopano, alamu. Koma munthuyu akutha. Kwathu kuli anthu, azikhala naye."

Mwana wawo pafoni anagwirizana ndi amayi ake aakulu, akulira, n'kumapepesa bambo ake. Ndikubwera anaika foni pansi. Kale akanati ndigula kawotchi. Tsopano kawotchi kanalipo, kabwino, ndipo kanalibe thandizo. Madzulo a tsiku limenelo, akumuvula nsapato mkazi wake, anamufunsa ngati akufuna kupita. Mayiyo anatsegula pakamwa, lilime likulimbana ndi mawu. Ndikubwera anaopa yankholo, lililonse limene likanakhala, ndipo anakumbukira mwadzidzidzi kuti sanatseke zenera la kushopu.

Tsiku lonyamuka linali lowala bwino, ngati kuti palibe chikuchitika. Galimoto yodzatenga mkazi wake inaima pakhomo m'mawa, woyendetsa anatsamira chitseko n'kumasewera ndi makiyi. Mlamu analowa ndi chikwama chachikulu. Ndikubwera anamusambitsa mkazi wake, anamupesa, anamukhazika pazenera, ndipo ataona madiresi akupindidwa limodzilimodzi anathawira kushopu. Anatsegula ngati tsiku lina lililonse. Munthu woyamba kulowa anali woyendetsa basi wina wa mutu waukulu, kasitomala wakale, ndipo Ndikubwera anamulandira ngati mvula. Anamukulunga nsalu m'khosi, anayatsa mashini, anayamba kumbali yakumanzere. Ankamva madirowa akutsegulidwa kuseri kwa khoma, ndipo ankakanikiza mashini mpaka mwini mutu anadandaula.

Ndiye belu linalira. Silinali la singano lija. Linali ngrrr wakale.

Miyendo sinafunse mutu. Anapezeka ali kukhitchini, dzanja lili pa chivundikiro cha poto. Potoyo anali wozizira, wopanda kanthu. Mbaula inali yozimitsa kuyambira m'mawa. Anaima, chivundikiro m'manja, osamvetsa kuti wathamangira chiyani.

Mlamu anali atagwada pa makina osokera, dirowa ili yotsegula. Anafotokoza kuti amafuna magalasi a mng'ono wake, wapezamo kanthu aka, ndipo asanafunse ngati n'kotaya, mng'ono wakeyo wamulanda.

Kawotchi kopotokola kaja kanali pamiyendo ya mkazi wake, katapanikizidwa ndi mkono wakufa uja kuti kasaterereke. Mayiyo anamuyang'ana mwamuna wake m'maso, osaphethira. Kenako dzanja lamanzere, dzanja limene kwa zaka zambiri linkawongolera nsalu pansi pa singano, linagwira kawotchiko, linakapotokola pang'ono kupita kutsogolo, n'kukabwezera pachiyambi. Kanalira.

Ndikubwera anaika chivundikiro pansi pang'onopang'ono. Anakumbukira mpunga wosambira m'madzi, mafuta a mashini, nzeru za a pabenchi, funso la wogulitsa lija. Anakumbukira pakamwa pokwera mbali imodzi. Kenako anakumbukira tsiku la utsi, belu lolira katatu motsatizana iye akukweza mashini, ndipo manyazi anamugwira.

"Munali inu, mayi?"

Mayiyo anatseka maso n'kuwatsegula.

"Nthawi zonse zija?"

Anatsekanso.

Kushopu woyendetsa basi uja anayamba kuitana. Mawu a masiku onse anafika pakamwa pa Ndikubwera okha, okonzeka kutuluka, phazi limodzi litaloza kale kukanjira. Anawameza. Mkazi wake anapanikizanso kawotchiko, n'kuyamba kukapotokola, ulendo uno osabweza. Dzanjalo linkapuma, n'kuyambiranso, mpaka kanazungulira konse n'kukana kupitirira. Anakaika patebulo. Kenako anamenya ndi chikhatho kampando kopanda chotsamira kamene kanali pambali pake, kamene kale ankakhalapo anthu odzayesa zovala.

Ndikubwera anakhala. Kukhalako sankakudziwa. Bondo lina linkadumphadumpha lokha, manja anasowa pokhala, maso anapita kudenga, kufiriji, ku chikwama chotsegula chija. Kunja galimoto inaimba hutala. Pakhomo la khitchini panatulukira woyendetsa basi, nsalu ikadali m'khosi, mutu mbali imodzi uli mbee, mbali ina uli tchire. Anatsegula pakamwa kuti afunse, koma mlamu anamutsogolera. Anamuuza mwaulemu kuti ometawo atanganidwa, abwere masana, ndipo ngati ali ndi chipewa chingamuthandize panjira. Munthuyo anayang'ana awiri okhala pazenerawo, anavula nsalu, anaipinda yekha n'kutuluka.

Mlamu anakhala chiimire kwa kanthawi, diresi lili m'manja. Anali munthu wosakonda kubweza mawu ake, ndipo sanawabweze onse. Anapita kukauza woyendetsa galimoto kuti apite, adzamuimbira. Atabwerako anakankhira chikwama chija kukhoma osachimasula, nanena kuti chikhale pomwepo, iye adzabweranso kudzayeza mkono uja ndi zala zake zomwezo. Kenako anatereka phala, anasuzumira ka manambala kaja pafiriji, anadina mabatani ngati munthu wokadziwa kale.

Ndikubwera anakhalabe pakampando paja. Mkazi wake anali atasiya zenera, akuyang'ana iye, kuyambira kutsitsi la eni limene linamatirira pamalaya mpaka ku imvi za m'mbali mwa makutu. Ndikubwera anayesa kupeza nkhani. Anayamba ya mutu wa woyendetsa basi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaimalizira kwa munthu yemwe anayamba naye. Mbali yamoyo ya pakamwa paja inakwera pang'ono.

Ka pafiriji kanalira, kosongoka monga mwa masiku onse. Ndikubwera anali atadzuka kale theka pamene dzanja lamanzere linamugwira pamkono. Linali lowonda, koma linagwira zolimba.

"Khalani pansi, alamu," anatero mlamu wake akuphula poto. "Aka n'ka mapoto. Kanu ndi ako kali patebuloko."

Anakhalanso. Mlamu anabweretsa mbale n'kumupatsa iye supuni, osati wodwalayo. Mayiyo anadya supuni yoyamba, anapuma nthawi yaitali, anadya yachiwiri. Panalibe njira yomufulumizitsira. M'kati mwa kudikirako Ndikubwera anamva kaphokoso kakang'ono, che, che, che, ndipo anayang'ana uku ndi uku kufuna kumene kakuchokera. Kanali kawotchi kaja. Wogulitsa anali atanena kuti kamatero kakamayenda, koma iye anali asanakhalepo nako pafupi nthawi yokwanira kuti akamve. Mkazi wake ndiye ankakamva yekha masiku onse aja.

Anasuzumira kuti aone pamene kafika. Kanali kasanafike ndi pakati pomwe. Anakoka kampando kufupi, anagwira bondo lodumphalo ndi dzanja limodzi, n'kutunganso phala.